Njoka ya corn snake: kudziwa mtundu wake ndi kuyang'anira kulemera kwake

Munthu akangopeza njoka ya corn snake, funso lake loyamba limakhala la maonekedwe: kodi imeneyi ndi amel, ndi snow, kapena ndi normal? Funsoli ndi labwino, ndipo m'munsimu muli njira yoliyankhira. Koma pali lina lomwe ambiri amalifunsa mochedwa, njoka itadzaza kale mafuta: kodi thupi lake lili bwino? Mafunso onse awiri amayankhidwa tsiku limodzi, njoka ili m'manja mwanu, maso anu akuyenda kuchokera kumutu mpaka kumchira. Kusiyana kwake n'kwakuti mukalakwitsa dzina la mtundu njoka sivutika nazo, pomwe mukalakwitsa kadyetsedwe mumaichotsera zaka za moyo.

Njokayi kwawo ndi kum'mwera chakum'mawa kwa United States, kuchokera ku New Jersey kutsikira ku Florida, n'kulowera kumadzulo cha ku Louisiana. Asayansi amaitchula kuti Pantherophis guttatus. Ilibe ululu; nyama yake imaipha poikulunga ndi kuifinya. Ikakula imatalika masentimita 90 mpaka 150, zina kuposerapo pang'ono, ndipo yowetedwa bwino imakhala zaka 15 mpaka 20, ngakhale kupitirira. Zaka zonsezo, wosankha kukula kwa mbewa ndi tsiku loipereka ndinu.

Yambani ndi kusankha tsiku

Si tsiku lililonse lomwe mungaiunike. Ikatsala pang'ono kufundula, maso ake amatuwa mbuu, khungu lonse n'kuzilala, moti ngakhale wozolowera sangatchule mtundu wake molondola. Ikangodya, isiyeni maola 48 osaigwira, chifukwa kuinyamula mbewa ili m'mimba kumaisanzitsa. Tsiku labwino ndi la patapita masiku 2 kapena 3 itafundula, itachita kale chimbudzi, koma musanaidyetsenso. Khalani pafupi ndi zenera masana, poti magetsi a m'nyumba amasintha kaonekedwe ka zofiira ndi zachikasu. Pambali panu pakhale sikelo ya kukhitchini yowerenga magalamu, kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi chivundikiro chobooledwa timabowo ta mpweya, kope, ndi foni yojambulira. Sambani m'manja musanaigwire kuti fungo la mbewa lisaipusitse, ndipo mukamaliza sambaninso ndi sopo, chifukwa njoka zimatha kukhala ndi tizilombo ta Salmonella pakhungu.

Maso, kenako utoto womwe ukusowa

Oweta amagwiritsa ntchito mawu akuti morph ponena mtundu wa maonekedwe womwe njoka yatengera kwa makolo ake. Mayina ake ndi ambirimbiri, koma njira yosavuta si yowaloweza onse. Dziwani kaye normal, yomwe ndi njoka monga imaonekera kutchire, ndiyeno muzidzifunsa kuti pa yanuyi chasowa n'chiyani. Normal imakhala ndi thupi la olenji kapena loderako, pamsana pali mawanga akuluakulu ofiira, lililonse lozunguliridwa ndi mzere wakuda, ndipo kumimba kuli timabokosi takuda ndi toyera tosinthanasinthana.

Yang'anani diso. Ngati pakati pake pali pofiira psuu kapena papinki, njokayo ilibe utoto wakuda m'thupi lonse, ndipo imeneyo ndi amel. Mizere yomwe ikanakhala yakuda kuzungulira mawanga imakhala yoyera, ndipo timabokosi ta kumimba timaoneka mwa olenji wozilala. Amel ndi morph yakale kwambiri pa zonse: dokotala wa khungu wa ku Georgia m'dziko la United States, H. Bernard Bechtel, anaswetsa ana ake oyamba mu 1961, ndipo mu 2015 ofufuza a ku yunivesite ya Geneva anapeza kuti gwero lake ndi kusokonekera kwa jini, kachidutswa ka chibadwa chotengera kwa makolo, yotchedwa OCA2. Ngati pakati pa diso pali pakuda, utoto wakuda ulipo, ndipo funso lotsatira ndi la kuchuluka kwake. Mizere yozungulira mawanga ikakhala yopyapyala, yotuwa kapena yoderako m'malo mokhala yakuda bii, mwina muli ndi hypo. Pali morph zina, monga ultramel ndi lavender, zomwe diso lake limaoneka lakuda mpaka kuwala kutaligunda, pamenepo n'kuonetsa kufiira kobisika mkati. N'chifukwa chake ndikulimbikira za zenera.

Mukathana ndi zakuda, funani zofiira. Njoka yopanda chofiira chilichonse, yotuwa yokhala ndi mawanga akuda kapena oderako, ndi anery. Pano pali mitundu iwiri yomwe imasokoneza anthu ambiri. Anery wamba ikamakula imatulutsa chikasu pakhosi ndi m'mbali mwa chibwano. Charcoal imakhala ndi chikasu chochepa kwambiri kapena ilibiretu, ndipo diso lake limaoneka lakuda pafupifupi lonse. Ngati chofiira palibe koma thupi lonse likupendekera ku chikasu choderako, ganizirani za caramel.

Mayina ena otchuka ndi ongophatikiza awiri mwa amenewa. Amel ndi anery zikakumana mu njoka imodzi, chakuda ndi chofiira zonse zimasowa, n'kutsala njoka yoyera mwapinki ya maso ofiira, yomwe mawanga ake amaonekabe patalipatali: imeneyo ndi snow. Amel ndi charcoal zimatulutsa blizzard, yoyera mbee, mawanga osaoneka n'komwe ikakula. Hypo ndi anery ndi ghost. Amel ndi caramel ndi butter, yachikasu chowala. Amel ndi lavender ndi opal. Mukaona njoka yoyera, musathamangire dzina. Iyang'aneni pakhosi ndi pamsana ngati pali chikasu kapena zipsera za mawanga, poti pamenepo ndi pomwe snow ndi blizzard zimasiyanira.

Mimba imanena zomwe msana wabisa

Ikani njoka mu kabokosi koonekera mkati n'kuyang'ana chapansi pake, kapena ilekeni idutse pamkono panu mutaukweza. Musaigadamitse mokakamiza. Timabokosi tikakhalapo, kajambulidwe kake ndi ka nthawi zonse. Tikasowa, mimba ili see yopanda chilemba, bwererani kumsana. Mawanga akalumikizana n'kusiya timadontho tozungulira ta mtundu wa thupi tondondozana pamsana, ndi motley. Mukaona mizere yopyapyala yoyenda m'litali kuchokera kukhosi, ndi stripe. Mawanga a m'mbali akasungunuka, chofiira n'kufalikira mpaka kulowera kumimba, ndi diffused, yomwe ambiri amaitcha bloodred ikakhala yofiira kwambiri. Kamwana kake nthawi zambiri kamaswedwa ndi mutu wotuwa wopanda zilemba zooneka bwino. Tessera ili ndi mzere umodzi wotsata fupa la msana ndipo m'mbali mwake muli timawanga toduladula, koma mimba yake imatha kukhala ndi timabokosi, ndiye musaisokoneze ndi stripe.

Pali mayina ena omwe sachokera ku jini imodzi koma ku malo kapena ku kusankha kwa obereketsa kwa zaka zambiri. Okeetee ndi normal ya olenji wowala ndi mizere yakuda yokhuthala, ndipo dzinalo ndi la malo osakirako nyama a ku Jasper County, m'chigawo cha South Carolina. Miami ndi normal ya thupi lotuwa ndi mawanga ofiira. Sunglow, candy cane ndi reverse Okeetee zonsezi ndi amel, zongosiyana kuchuluka kwa zoyera. Creamsicle ndi ina: ili ndi magazi a njoka yachibale, Pantherophis emoryi, ndipo wogulitsa woona mtima amanena zimenezi poyera.

Kamwana kakang'ono musakapatse dzina mopupuluma. Ana a normal amaswedwa oderako kwambiri, olenji amabwera akamafundula mobwerezabwereza. Ana a caramel ndi a lavender amatha kufanana ndi anery. Kuona maso a nkhono n'kudekha: jambulani chithunzi pamalo omwewo nthawi iliyonse ikafundula, ndipo pofika chaka chimodzi kapena ziwiri mtundu umadziulula wokha.

Ndipo pali malire a zomwe diso lingaone. Majini ambiri a morph ndi obisika, kutanthauza kuti amaoneka pokhapokha mwana atawatengera kwa makolo onse awiri. Njoka yomwe yatengera kwa kholo limodzi imaoneka ngati normal, ndipo oweta amaitcha het. Makolo awiri a het amel akabereka, mwana aliyense ali ndi mwayi wa 1 pa 4 wokhala amel, ndipo pa ana ooneka normal, 2 mwa 3 alionse amayembekezereka kukhala het. Apa ndi pomwe pamachokera mawu akuti 66% poss het, kutanthauza mwayi wa 66% wokhala het, omwe mumawaona polengeza malonda. Tessera ndi yosiyana, poti kholo limodzi ndi lokwanira kuti ionekere. Choncho funsani wobereketsa mitundu ya bambo ndi mayi a njoka yanu, n'kuilemba patsamba loyamba la kope. Ngati mwa makolowo muli magazi a morph ina yotchedwa sunkissed, funsaninso za matenda obadwa nawo otchedwa stargazing, omwe amachititsa njoka kuyenda modzandira ndi kupindira mutu kumbuyo ikadzidzimuka. Yotere siyenera kuberekeredwa.

Morph iliyonse imadya mofanana ndipo imafuna kutentha kofanana. Kusiyana komwe ndingakuuzeni n'kwakuti za maso ofiira zimavutika ndi kuwala kwamphamvu, ndiye muziikira mobisala ndi mthunzi wokwanira.

Tsopano pasikelo

Ikani kabokosi ndi chivundikiro chake pasikelo, dinani batani lobwezera pa 0, ikani njoka, tsekani, dikirani isiye kuyenda, werengani. Lembani tsiku, magalamu, chomwe inadya komaliza ndi tsiku lomwe inafundula. Yaing'ono yomwe ikukula muziiyeza musanaidyetse, sabata ndi sabata. Yaikulu kamodzi pamwezi n'kokwanira. Kutalika musakuyeze ndi khungu lomwe yafundula, chifukwa limatanuka n'kukunamizani. Ijambuleni chakumwamba ili pambali pa rula, kenako tsatani thupi lake pachithunzipo ndi ulusi.

Nambala imodzi payokha sinena zambiri. Kamwana kongoswedwa kamalemera magalamu osakwana 10, koma zazikulu zimasiyana kwambiri malinga ndi kutalika ndi magazi: ina ya magalamu 300 ndi ina ya 600 zonse zikhoza kukhala zathanzi. Chofunika ndi komwe manambala akulowera. Yaing'ono izikwera pang'onopang'ono. Yaikulu yomwe inasiya kutalika iziima pafupifupi pamodzimodzi. Ikamakwera mwezi ndi mwezi kutalika kuli komweko, chomwe chikuwonjezekacho ndi mafuta.

Sikelo ikanena zake, tsimikizani ndi maso ndi zala. Ilekeni ikwawe mowongoka patebulo, inu muwerame kuti maso anu akhale pa mlingo wa tebulolo, muiyang'ane chakumbuyo. Corn snake yathanzi imaumbika ngati buledi wa m'chitini: pansi pophwatalala, m'mbali mowongoka, pamwamba pozungulira pang'ono. Yendetsani chala pamsana. Fupa lizimveka, koma minofu ya mbali zonse ziwiri ikhale yolimba ndi yodzaza mpaka pafupi nalo. Fupa likatumphuka lakuthwa, m'mbali n'kutsetsereka mopendekera, khungu n'kumapanga khwinya lalitali m'mbali, njokayo yawonda.

Yonenepa imaoneka mwina. Thupi limazungulira mbali zonse, pansi pomwe. Fupa la msana limamira, mbali zake ziwiri n'kutukuka, pakati n'kutsala kangalande. Mamba amatalikirana moti khungu la pakati pawo limaoneka ngakhale njoka isanadye ndipo itawongoka. Pa snow ndi blizzard zimenezi n'zovuta kuziona, choncho dalirani zala kwambiri. Ikadzipinda, mkati mwa pindirolo mumachita makwinya okhuthala. Mutu umaoneka waung'ono poyerekeza ndi thupi. Malo omwe ndimafuna muwayang'anitsitse ndi pafupi ndi kotulukira chimbudzi. Pa njoka yathanzi thupi limachepa mwakachetechete kulowa kumchira, osaona polekezera. Pa yonenepa pamakhala zotupa ziwiri zofewa mbali iyi ndi iyi, kenako mchira n'kuyamba mwadzidzidzi uli wowonda. Zikafika poonekera chonchi vuto lapita kale patali, chifukwa njoka imayamba kusunga mafuta mkati mwa mimba, chakumbuyo m'mbali mwa matumbo, ndipo amafika pansi pa khungu mkatimo mutadzaza. Mafuta otere amawononga chiwindi, amavutitsa yaikazi poikira mazira, ndipo amafupikitsa moyo.

Kadyetsedwe

Corn snake sikana chakudya kawirikawiri. Kutchire imadya ikapeza, ndipo chibadwa chimenecho sichitha chifukwa yalowa m'khola. Ikamayendayenda madzulo, lilime lili kunja, mutu ukutsata dzanja lanu pagalasi, sikuti ili ndi njala. Ndi nthawi yake yoyendera. Ambiri amanenepetsa njoka zawo chifukwa cha chifundo chimenechi.

Mbewa ikhale yofanana kukula ndi pomwe njoka ili yonenepa kwambiri, ndipo isapitirire kamodzi ndi theka. Kamwana kamayamba ndi pinky, kambewa kongobadwa ka magalamu 1 mpaka 3, masiku 5 mpaka 7 alionse. Ikamakula mumakwera kupita ku fuzzy, kambewa koyamba kumera ubweya, kenako hopper, kokulirapo pang'ono, kamodzi pa masiku 7 mpaka 10, ndipo pamsinkhu umenewu mbewa yolemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa njoka imakwanira. Koma kawerengedwe kameneka kamathera pa ubwana. Njoka ya magalamu 600 sifunika chakudya cha magalamu 60. Yaikulu imakhuta ndi mbewa imodzi ya magalamu 20 mpaka 30 pa masiku 14 mpaka 21. Cholakwika chofala kwambiri ndi kupitiriza ndondomeko ya sabata ndi sabata njoka itasiya kale kukula.

Gwiritsani ntchito mbewa zoumitsidwa mufiriza. Zisungunuleni mufiriji kapena m'madzi ozizira zili m'thumba lotseka, kenako zitenthetseni m'madzi ofunda, osati mu microwave. Finyani pamimba pa mbewayo kuti mutsimikize kuti mulibe pouma. Mbewa yamoyo imaluma ndipo imatha kuvulaza njoka koopsa.

Apa ndi pomwenso nkhani ya morph imakumana ndi ya kulemera. Obereketsa ambiri amadikira kuti yaikazi ifike zaka 3, magalamu 300 ndi masentimita 90. Wina akakhala ndi morph yosowa, amakopeka kuidyetsa mothinana kuti ifike pa 300 msanga. Njoka yotero imafika pa nambalayo ndi mafuta, osati ndi minofu yokankhira mazira. Zinthu zitatuzi ziyenera kukwanira pamodzi, ndipo zaka sizifulumizitsidwa ndi mbewa.

Ngati yanenepa kale

Musaimane chakudya mwadzidzidzi kwa miyezi. Sinthani chinthu chimodzi kaye. Ngati imadya masiku 7 alionse, pitani pa 14. Ngati inali kale pa 14, pitani pa 21 kapena tsikani pa mbewa yocheperapo. Ngati mumaipatsa makoswe aang'ono kapena mbewa zikuluzikulu zonona, bwererani ku mbewa wamba. Yezani mwezi uliwonse, ndipo patapita miyezi 2 kapena 3 manambala asakusuntha, sinthani chinthu chachiwiri. Thupi la njoka limagwiritsa ntchito mphamvu zochepa kwambiri, ndiye kuwonda kwake kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka. Zotupa za pafupi ndi mchira zimachedwa kuposa zonse, ndipo pa zina sizitheratu.

Chakudya ndi theka chabe la ntchitoyi. Njoka yokhala mu kabokosi komwe singathe kuwongoka ilibe potenthera mafuta. Khola la yaikulu likhale lotalika mofanana ndi njokayo kapena kuposa. Ambiri amayambira pa masentimita 120 m'litali, 60 m'lifupi ndi 60 kupita m'mwamba. Corn snake ndi katswiri wokwera, choncho ikani nthambi zolimba zopingasa, mobisala mbali yotentha ndi yozizira, ndi zoyala pansi zokhuthala zoti izikumba. Kusuntha nthambi nthawi ndi nthawi kumaichititsa kuyendera khola lonse mwatsopano. Itulutseni kangapo pa sabata kuti ikwawe ndi kukwera pamikono panu kapena pamalo otetezeka, inu muli pomwepo, mipata yonse yomwe ingalowemo mutaitseka. Onaninso kutentha: mbali yotentha ikhale madigiri 28 mpaka 30, yozizira 22 mpaka 24, ndipo chotenthetsera chilichonse chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo koletsa kutentha kupitirira mlingo. Njoka yozizidwa imangogona ndipo sigaya bwino.

Pomwe si mafuta, ndi pomwe kuwonda kuli koopsa

Si kutupa kulikonse komwe kuli kunenepa. Yaikazi imatha kukhala ndi mazira ngakhale isanakumanepo ndi yaimuna. Theka lakumbuyo limakula, ndipo ikadutsa pa zala zanu mumamva timibulu tondondozana. Imeneyo ipatseni kabokosi ka zoyala zonyowa koti iikiremo, ndipo ikamavutika osatulutsa kapena itatulutsa ena n'kutsala chotupa, thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Chotupa cholimba cha mbali imodzi, kapena chomwe chabwera m'masabata ochepa, nachonso ndi cha dokotala. Kuchepetsa mbewa sikungachichotse.

Kumbali ya kuwonda, kukana chakudya pakokha sikudetsa nkhawa nthawi zonse. Yaimuna imatha kukhala masabata angapo osadya m'nyengo yofuna yaikazi, ndipo zambiri zimakana zikamakonzekera kufundula kapena kunja kukazizira. Sikelo ndi yomwe imakuuzani ngati muyenera kudandaula: ikakana koma magalamu ali pomwepo, dikirani tsiku lake lotsatira. Ikasanza, musaidyetse kwa masiku 10 mpaka 14, konzani kutentha, kenako yambani ndi mbewa yocheperapo. Koma ikataya gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake popanda inu kufuna, kapena ikamasanza mobwerezabwereza, pakati pa thupi pali potupa molimba kwina konse kukuwonda, ipatuleni kwa njoka zina nthawi yomweyo, chifukwa zimenezi zikhoza kukhala zizindikiro za kachilombo kopatsirana ka Cryptosporidium komwe kamatupitsa chifu. Funani dokotala wozolowera zokwawa, ndipo popita tengani kope lanu, zithunzi za miyezi yapitayi, ndi chimbudzi cha njokayo chatsopano m'kathumba kotseka kuti akachipime.